Booster yodzipangira ya makina olemera m'nyengo yachisanu: mabatire amtovu, ma supercapacitor kapena lithium?

Batire la mtovu ndi asidi likazizira kwambiri limagwira ntchito mwaulesi, moti pa -18°C limatha kutulutsa mphamvu yosafika theka la imene limatulutsa tsiku lofunda. Nthawi yomweyo oyilo amalimba, ndipo sitata imakoka magetsi ambiri kuposa masiku onse kuti itembenuze injini ya buludoza, giredala kapena thirakitala yaikulu. Injini ya dizilo ilibe mapulagi a moto ngati ya petulo. Imadalira mpweya wopanikizidwa mwaliwiro kuti utenthe mpaka uyatse mafuta, choncho ikamazungulira mokoka, kutentha konse kumathera m'zitsulo zozizira za silinda ndipo siilira. Ntchito ya booster, chipangizo cholumikiza ku batire la makina kuti sitata ipeze magetsi owonjezera, ndi kuwonjezera liwiro limeneli kwa masekondi ochepa, basi.

Amene amadzipangira okha chipangizochi amatsata njira zitatu, ndipo pali yachinayi imene ine ndimaikana.

Yakale kwambiri ndi kachikuku konyamula mabatire awiri a 12V. Mabatire a mtundu wa Group 31 (dzina la saizi yake), amene amapezeka m'malole akuluakulu, ndi oyenera: ambiri amalembedwa CCA ya pakati pa 900 ndi 1000, ndipo lililonse limalemera makilogalamu oposa 25. Nambala ya CCA imanena ma amp amene batire lingatulutse kwa masekondi 30 pa -18°C popanda kutsika pansi pa 7.2V, ndiye ndi imene muyenera kuyang'ana pogula, osati ya Ah, imene imangonena kuchuluka kwa magetsi amene batire limasunga. Mukawalumikiza mondondozana, pozitivu ya lina ku negetivu ya linzake, mupeza 24V imene makina ambiri olemera amagwiritsa ntchito. Mukalumikiza pozitivu ndi pozitivu, negetivu ndi negetivu, mupeza 12V yokhala ndi ma amp owirikiza.

Ubwino weniweni wa kachikukuka ndi woti kamagona m'nyumba yofunda, kali pa tchaja. Mabatire ake ndi ofanana ndi amene ali m'makinawo, kusiyana kwake n'kwakuti awa ndi ofunda komanso odzaza, pamene a m'makina agona panja usiku wonse. Alinso ndi nkhokwe yaikulu: mungathe kuwalumikiza n'kudikira mphindi zisanu kapena khumi kuti adyetseko batire lofookalo, kuyatsa ma glow plug (timapulagi totenthetsa m'silinda) kawiri, kuliza, kulephera, kupumira, n'kuyesanso, mphamvu ikadalipo. Palibe njira ina pa zitatuzi imene imapirira chonchi. Choipa chake ndi kulemera. Makilogalamu 60 pamodzi ndi mawaya sakokeka bwino m'matope owuma ndi chisanu, ndipo matayala ang'onoang'ono a pulasitiki adzakukhumudwitsani. Ikani matayala a mpweya, ngati a wilibala.

Pa nkhani yosinthira pakati pa 12V ndi 24V, ena amaika swichi. Ine ndimakonda mapulagi awiri osiyana, a mtundu wa Anderson SB350, amene amabwera m'mitundu yosiyanasiyana ndipo la mtundu wina sililowa mwa linzake. Munthu wozizidwa zala, wofulumira m'mamawa, amatha kuiwala kuyang'ana swichi, ndipo 24V ikalowa m'thirakitala ya 12V kompyuta ya injini ndi alternator (chipangizo chotchaja batire injini ikamalira) zimatha kupsa nthawi yomweyo.

Tisanapite ku njira zina, tiime pa mawaya, chifukwa ndi pamene ma booster ambiri odzipangira amafera, mosasamala kanthu za chimene chili m'bokosi. Tiwerengere. Waya wamkuwa wa 25 mm² wotalika mamita atatu kupita ndi atatu kubwerera, sitata ikakoka 600A, amadya pafupifupi 2.5V. Pa makina a 12V, pamene batire lenilenilo latsikira kale ku 10V polizapo, imeneyo ndi mphamvu yochuluka yotayikira m'njira ngati kutentha. Waya wa 50 mm² amataya theka la zimenezo, wa 70 mm² amataya zosafika 1V. Ndiye gulani waya wa makina owotcherera zitsulo, wamkuwa weniweni, wa 50 kapena 70 mm², ndipo akhale wamfupi momwe mungathere. Samalani ndi mawaya otchipa ooneka onenepa: ambiri ndi aluminiyamu wokutidwa mkuwa pamwamba, kapena mphira wambiri wokhala ndi tizingwe tochepa m'kati, ndipo mphira wake amauma n'kung'ambika pozizira. Zopanira nazonso zikhale zamkuwa, zoluma mwamphamvu, ndipo nsagwada zonse ziwiri zilumikizidwe ndi kawaya kolukidwa kuti magetsi asadutse mbali imodzi yokha.

Njira yachiwiri, ma supercapacitor (zipangizo zosunga magetsi n'kuwatulutsa mwachangu), ndi yosangalatsa kwa wokonda zamagetsi. Sadalira kusintha kwa mankhwala monga batire, choncho amagwira ntchito mpaka cha ku -40°C osafooka kwenikweni, ndipo amatulutsa ma amp mazana ambiri mosavuta. Odziwika ndi a kampani ya Maxwell a 2.7V ndi 3000F (F ndi muyeso wa kukula kwa nkhokwe yake ya magetsi). Asanu ndi limodzi ondondozana amapanga 500F yopirira mpaka 16.2V, ndipo bokosi lonse munthu amalinyamula ndi dzanja limodzi. Amadzaza m'mphindi zochepa, ngakhale kuchokera ku batire lofooka ngati muli ndi kachipangizo kokweza voteji, komanso amapirira kudzazidwa ndi kutsitsidwa nthawi mazana a zikwi.

Koma onani masamu ake. Bokosi la 500F likatsika kuchoka pa 14V kufika pa 9V limakhala litapereka ma joule (muyeso wa mphamvu) pafupifupi 29,000. Sitata yokoka 600A pa 10V imadya ma joule 6,000 pa sekondi iliyonse. Ndiye muli ndi masekondi asanu okha. Injini yabwino, imene vuto lake ndi batire lozizira basi, ilira m'masekondi amenewo. Injini yokalamba, yofuna kuzungulira nthawi yaitali isanagwire, idzakusiyani mukudzazanso bokosi mobwerezabwereza. Chinanso, mukalumikiza ku batire lotheratu n'kuchedwa kuliza, batirelo limamwa mphamvu yonse sitata isanaione. Pa 24V pamafunika ma supercapacitor khumi ndi awiri, mtengo n'kuwirikiza. Selo iliyonse imafuna kabolodi koyang'anira kuti isadutse 2.7V, ndipo bokosi likakhala masiku angapo limatsika lokha. Sipanala ikagwera pamwamba pa mitu yake imasungunuka, choncho chivundikiro ndi fyuzi yaikulu si zokongoletsera.

Kumene ma supercapacitor amapambana ndi pamene mwawamangirira m'makina momwemo, pafupi ndi sitata, kuti azithandizana ndi mabatire. Opanga ena amagulitsa otere a kukula kwa Group 31 oikidwa m'malole. Monga booster yonyamula, ndi abwino kwa makaniko amene amazungulira makina ambiri amene amasamalidwa bwino.

Yachitatu ndi lithium ya mtundu wa LiFePO4: maselo anayi a 3.2V amapereka 12.8V, asanu ndi atatu 25.6V. Ndi yopepuka, imasunga tchaji kwa miyezi, ndipo ili ndi nkhokwe yoposa ya supercapacitor kutali. Komabe kwa wodzipangira ndiyo yovuta kwambiri. Maselo akuluakulu a sola amene ali paliponse pamsika anapangidwa kuti azitulutsa magetsi pang'onopang'ono, ndipo BMS yawo (kabolodi koteteza maselo) ya 100A kapena 200A imadula magetsi sitata ikangogunda. Mukaichotsa BMS mwachotsa chitetezo. Maselowa saloledwa kutchajidwa pansi pa 0°C, chifukwa lithium imadziunjika ngati chitsulo m'kati n'kuwononga selo mpaka kalekale, ndipo injini ikangolira alternator imayamba kukankhira magetsi m'booster yanu nthawi yomweyo. Pamafunika contactor (swichi yaikulu yoyendetsedwa ndi magetsi) kapena diode (kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) yaikulu yotseka njira yobwererayo. Ngati mukufuna lithium, gulani yopangidwa kale ya 12V ndi 24V, muziisunga pofunda, muiwale zodzipangira.

Imene ndimaikana ndi yotenga makina owotcherera zitsulo, kapena thiransifoma yokulungidwanso ndi ma diode, n'kulumikiza ku batire. Makina owotcherera akakhala opanda katundu amatulutsa 50V kapena kuposa. Pa thirakitala yakale yopanda kompyuta ena zimawayendera, koma pa injini ya common rail (dizilo yamakono yoyendetsedwa ndi kompyuta) mukuika pachiswe zipangizo zodula kuposa mabatire khumi, ndipo batire limatha kuwira n'kutulutsa mpweya wa hydrogen.

Kwa munthu wa makina awiri kapena atatu oima pabwalo limodzi, kachikuku ka mabatire amtovu kokhala ndi mawaya onenepa kamaposa zina zonse pa mtengo, pa kupirira, ndi pa kuphweka kokonza. Chilichonse chimene mwasankha, chopanira cha negetivu chilumidwe pomaliza, pa chitsulo cha injini kutali ndi batire, kuti kamoto kasagwire mpweya wa hydrogen. Musalize kupitirira masekondi 30, ndipo sitata ipume mphindi ziwiri musanayesenso. Batire lotheratu limatha kuchita ayezi m'kati ngakhale kukungozizira madigiri ochepa pansi pa 0°C. Mukaona lafufuma m'mbali kapena muli ayezi m'maselo, musalilumikize ku booster ayi, litengereni pofunda lisungunuke kaye.

Ndipo ngati injini ikuzungulira mwaliwiro koma osagwira, vuto silili pa magetsi. Kawirikawiri amakhala dizilo wa nyengo yotentha amene wachita phula n'kutseka fyuluta, kapena ma glow plug akufa. Pamenepo mufunika dizilo wa nyengo yozizira, fyuluta yatsopano, oyilo wopepuka monga 5W-40 ngati buku la makina likulola, ndi block heater (chotenthetsera injini cha magetsi) yoyatsidwa maola awiri kapena atatu musanalize. Mankhwala opopera a ether musawayandikize ku injini yokhala ndi ma glow plug kapena chotenthetsera mpweya, chifukwa amatha kuphulikira m'njira ya mpweya asanafike m'silinda.