Kugula pamsika wa alimi kapena kulipiriratu zokolola: mlimi amapindula pati?

Ngati mukufuna kuti ndalama yanu ya chakudya izifika m'manja mwa mlimi wapafupi, njira zenizeni ndi ziwiri: kumapita kumsika wa alimi, kapena kupangana ndi mlimi mmodzi n'kumulipiriratu zokolola za nyengo yonse. Za shelefu ya mu supamaketi yolembedwa kuti "zolimidwa konkuno" sinditayapo nthawi. Ku America, unduna wa zaulimi unawerengera kuti mu 2022, pa dola iliyonse imene anthu anawononga pa chakudya, mlimi analandira masenti pafupifupi 15 okha. Zina zonse zimathera kwa onyamula, olongedza, ophika ndi ogulitsa, ndipo kachikwangwani ka pashelefu sikachotsa anthu amenewa pakati.

Pamsika ndalama imachoka m'thumba mwanu n'kulowa mwa mlimi tsiku lomwelo. Mumasankha nokha, mumagula zimene mungathe, ndipo ulendo umodzi mumathandizanso woweta njuchi ndi wophika buledi. Koma onani mbali ya mlimiyo. Wadzuka usiku kupakira, walipira malo, waima tsiku lonse munda ukumudikira. Mvula ikagwa ogula osabwera, masamba ofota amabwerera nawo yekha.

Vuto lina ndi la opikula. Si aliyense waima kuseli kwa tebulo amene anagwirapo khasu. Tomato wofanana kukula yenseyense, zipatso zimene si nyengo yake, makatoni a kampani obisidwa pansi pa tebulo, zonsezi zimaulula kuti katunduyo ndi wooda. Venda si wakuba, nayenso akusaka ya ana, koma ngati mwabwerera mlimi, funsani kuti munda uli kuti ndiponso anathyola liti. N'chifukwa chake misika yambiri ya ku Britain, kutengera wa ku Bath umene unayamba mu 1997, imalola okhawo ogulitsa zimene alima kapena kupanga okha.

Kulipiriratu kunakula ku Japan m'zaka za m'ma 1970 ndi dzina loti teikei, amayi atada nkhawa ndi mankhwala a m'zakudya. Ku America kunayamba mu 1986 pa minda ngati Indian Line Farm ku Massachusetts, ndipo ku France magulu otere a alimi ndi ogula, otchedwa AMAP, anayamba mu 2001. Mphamvu ya njirayi ili pa nthawi imene ndalama imafika: mlimi amailandira asanadzale, pamene akufuna mbewu, manyowa ndi aganyu, ndiye sathamangira ngongole. Amadzalanso akudziwa kuti akudyetsa mabanja angati. Inu mumalandira dengu sabata iliyonse, koma mwagulanso gawo la tsoka lake. Matalala akawononga munda, dengu limabwera lopepuka ndipo kawirikawiri ndalama sibwezedwa. Kabichi akabereka, mudya kabichi mpaka ana ayambe kudandaula. Pamafunikanso ndalama yambiri pakamodzi, zimene si banja lililonse lingakwanitse.

Ena amati kugula zapafupi kumateteza chilengedwe chifukwa chakudya sichiyenda mtunda wautali. Musadalire kwambiri mfundo imeneyo. Kafukufuku wa Poore ndi Nemecek wa 2018 anapeza kuti mayendedwe ndi pafupifupi 6 peresenti yokha ya mpweya woipa wotenthetsa dziko wochokera ku chakudya. Njira zonse ziwirizi n'zothandiza mlimi, osati kwenikweni chilengedwe.

Kwa ine, yomuchirikiza mlimi kwambiri ndi yolipiriratu, ndipo ikuyenera banja lophika tsiku ndi tsiku, losasankha ndiwo, lokhala ndi kangachepe kosunga. Enafe msika ndiye wathu, bola tizipita sabata iliyonse, mvula kaya dzuwa, kwa alimi omwewo mpaka adziwe zoti atisungire. Ndipo chizolowezi chofika msika ukuweruka kuti tinenerere mpaka theka la mtengo, podziwa kuti mwiniwake sangabwerere nazo kumunda, tichisiye.