Vallis, udzu wa m'thanki ya nsomba womwe ndinagula miyezi 7 yapitayo

Anthu angapo akhala akundifunsa za udzu wautali uja umaoneka kumbuyo m'thanki yanga ya nsomba, ena mpaka kumati ndi wapulasitiki, nde ndati ndingolemba kamodzi kuti amene akuganiza zogula adziwiretu. Ndi weniweni abale, dzina lake ndi Vallisneria spiralis koma ogulitsa amangoti vallis. Ndinagula timitolo tiwiri kwa bambo ena ogulitsa nsomba zoweta ndi zomera za m'madzi konkuno ku Lilongwe, kamtolo kalikonse tizomera 5 tomangidwa ndi kamphira, mizu yoyera bwinobwino masamba obiriwira opanda mabowo.

Poyamba mtima wanga sunali pa umenewu ayi. Ndinkafuna hairgrass, waufupi uja umaphimba pansi ngati bwalo la mpira m'mavidiyo a pa YouTube, ndinayesa ndithu koma unangotha pang'onopang'ono chifukwa kuti uyale bwino umafuna getsi lamphamvu ndi mpweya wa kaboni (CO2) wa m'silinda, nanga kwathu kuno magetsi akazima maola angapo si zonsezo zimaima. Bambowo ndi amene anandiuza kuti achimwene tengani vallis, madzi anuwo ngati amasiya zoyera m'ketulo ndiye kuti awa ndi madzi ake. Ananena zoona. Udzu umenewu umakonda madzi olimba ngati amenewa, a pH yokwererapo (kutanthauza opanda asidi wambiri), umatha kutenga kaboni kuchokera ku mchere wotchedwa bicarbonate wa m'madzimo, nchifukwa chake sudandaula olo mulibe silinda.

Chomwe chinandisangalatsa kwambiri nchakuti si mlendo kwa ife. Vallisneria amamera mu Nyanja ya Malawi momwemu, m'malo osaya a mchenga momwe mafunde sakhala aukali, ndipo pali nsomba zathu zomwe moyo wake uli mu udzuwu. Dimidiochromis compressiceps, yopyapyala ngati mpeni ija, imabisala pakati pa masamba mutu utaloza pansi kudikirira tinsomba, pomwe Hemitilapia oxyrhynchus imaluma tsamba nkumalipalira ndere osaliwononga. Ndikayang'ana thanki yanga ya malita 120 madzulo masamba akugwedezeka ndi madzi a fyuluta ndimangoona ngati ndasuzumira m'mphepete mwa nyanja.

Koma masabata awiri oyamba anali ovuta, izi ndinene mosabisa. Masamba anayamba chikasu, kenako kuonekera ngati pepala lonyowa, ukawakhudza kumangosungunuka, pa tizomera 10 tija tomwe tinkaoneka tamoyo tinali titatu basi. Ndinawaimbira bambo aja ndili wokhumudwa, iwo anati musazule, gwirani patsinde ngati pali polimba ndiye kuti kali moyo kakungozolowera madzi atsopano. Anandifunsanso kuti mwadzala bwanji, apa mpomwe panapezeka vuto lina, ndinali nditakwirira kwambiri. Pomwe mizu imakumana ndi masamba pali kachigawo koyera, kameneko kamayenera kuonekera pamwamba pa mchenga, mukakakwirira kamaola. Ndinakoka kalikonse pang'ono m'mwamba, ndinachotsa masamba oola, nkukwirira timapiritsi ta fetereza pafupi ndi mizu poti mchenga wanga ndi wa kumtsinje wotsukidwa mulibe chakudya, ndipo udzuwu umadya kwambiri kudzera ku mizu.

Sabata yachinayi timasamba tatsopano tinayamba kutuluka pakati, tiwiri tokha ndi tomwe tinaferatu. Kuchokera pamenepo ndiye eee, umayanga ngati kapinga, kamsitsi kamayenda pamwamba pa mchenga masentimita angapo nkutulutsa mwana, mwanayo nkutulutsanso wake, pano mbali yonse ya kumbuyo yadzaza moti hita ndi paipi ya fyuluta sizionekanso. Getsi ndimayatsa maola 7 patsiku, la LED wamba, madzi amakhala pa madigiri 25 ndipo ndimasinthako pang'ono sabata iliyonse. Tsiku lina magetsi anazima kuyambira m'mawa mpaka usiku, udzu osasintha olo pang'ono.

Zomwe sizinandisangalatse zilipo. Timitolo tija tinabwera ndi mazira a nkhono, sindinawaone, patatha mwezi tinkhono tinali mbwee pagalasi ndipo mpaka lero ndimatola ndi manja, nde inu mukagula tsukani kaye tsamba lililonse ndipo ngati nkotheka muusunge m'ndowa masiku angapo musanauike m'thanki. China, masamba akafika pamwamba saima, amapinda nkumayandama kutchinga kuwala moti tizomera tanga tina tatifupi takutsogolo tinayamba kufooka. Mukadula pakati ndi sizasi nsonga yake imasanduka yofiirira, ine ndaona kuti bola kuchotsa tsamba lonse lakale kuchokera patsinde. Ndiye pali mankhwala aja a m'botolo amati liquid carbon, ambiri mwa iwo muli glutaraldehyde ndipo vallis sagwirizana naye, mnzanga anathira pofuna kupha ndere udzu wake wonse unasungunuka m'masiku ochepa. Amene mumaweta mbuna, nsomba zija za m'miyala ya mu Nyanja ya Malawi, dziwaninso kuti zimakumba mchenga, zunguzani tsinde ndi timiyala apo ayi m'mawa mupeza udzu ukuyandama.

Ndinkaganiza kuti dzina loti spiralis likutanthauza masamba opotana, koma anga ndi owongoka ngati lamba. Chopotana ndi phesi la duwa lalikazi, limakwera mpaka pamwamba pa madzi, maluwa aamuna amathothoka pansi nkuyandama mpaka kukakumana nalo, likalandira mungu phesilo limadzipinda ngati sipuling'i kukokera chipatso pansi pa madzi. Dzina la Vallisneria analipereka Linnaeus, katswiri wa zomera wa ku Sweden, mu 1753 pokumbukira Antonio Vallisneri, katswiri wa zachilengedwe wa ku Italy. Anga sanachitebe maluwa koma ndimayang'ana m'mawa uliwonse ndikamadyetsa nsomba.

Kwa bambo aja ndipitakonso ndithu, nkhono zija ndawakhululukira chifukwa anayankha foni nkundithandiza pomwe ndalama anali atalandira kale. Vallis yekha sindigulanso, Loweruka lapitali ndazula ana 14 omwe anafika mpaka pagalasi lakutsogolo, ali m'ndowa pakhonde kudikira mnzanga uja adzatenge akayambirenso.