Makina a MRI ndi abwino, koma mtsikana wa pa risepishoni anatizunza

Ndikulemba mkwiyo usanatheretu. Amayi anga anawapeza ndi chotupa mu ubongo pa CT, makina ojambula m'kati mwa thupi, ndipo adokotala a opaleshoni ku Lusaka anati sagwira mpeni asanaone MRI ya contrast, yomwe ndi kujambula m'kati mwa mutu ndi maginito atabaya mankhwala mumtsempha, chifukwa ndiyo imaonetsa pomwe chotupa chalekezera. Tinasankha kiliniki ina ya pulayiveti komweko poti tsiku la opaleshoni linali pafupi. Kunena za mtengo, ife mtedza wonse wa chaka chino unathera pamenepo.

Ndili ku Chipata ndinaimba foni kufunsa zoti tinyamule. Mtsikanayo anati kalata ya adokotala ndi ndalama basi. Ndinabwerezanso funsolo, yankho lomwelo. Tinakwera basi m'bandakucha, makilomita oposa 550 a Great East Road, munthu wodwala mutu akusanza kuyambira m'mapiri a ku Luangwa. Tafika, yemweyo akuti, “Zotsatira za impso zili kuti?” Ndinati za impso ziti, achemwali? Maso ali pafoni, anangoti tinayenera kudziwa. Kudziwira kuti? Mankhwala omwe amabaya mumtsempha aja, gadolinium, amatuluka m'thupi kudzera mu impso, nchifukwa chake kwa okalamba amayamba ayeza creatinine m'magazi, kuti aone ngati impso zikugwira bwino ntchito. Kunena zimenezi pafoni kukanamutengera mphindi imodzi. M'malo mwake tinalipiranso ku labu yawo, malo athu pamzere anapatsa wina, amayi anakhala pabenchi mpaka madzulo atazimata nkhope ndi chitenje poti kuwala kumawapweteka. Chinandiwawa kwambiri nchakuti munthu wamsinkhu wa agogo ake ankangomuti “mayiyu”.

Ndinali nditatsimikiza kuwapatsa nyenyezi imodzi pa ndemanga yangayi. Koma mnyamata wojambula anandifewetsa mtima. Anagwada pafupi nawo nkuti, “Amama, musaope, muno mulibe moto, ndi maginito chabe.” Anawafunsa modekha ngati ali ndi chitsulo chilichonse m'thupi, anawavula ndolo, mpaka anapeza kaphini kobisika mu duku komwe ine mwana wawo sindinakaone. Anawatseka makutu, nkuwapatsa kampira kofinya ngati mantha awagwira.

Ine nkhawa yanga inali nthawi. MRI ya chotupa nthawi zambiri imatenga mphindi 30 mpaka 45, mutu uli m'kachipangizo konga chipewa osagwedezeka, makina akusokosa ngati chigayo, ndipo ukangosuntha chithunzi chimachita mbuu, nkuyambiranso. Amayi sagona chagada nthawi yaitali choncho. Mnyamatayo anandifotokozera kuti makina awo, a maginito a mphamvu ya 1.5 Tesla, ali ndi njira yatsopano: amatola zizindikiro zochepa kuchokera m'mutumo, kompyuta nkumanga chithunzi chonse kuchokera pa zimenezo. Ndinakayika, ndimati kufulumira kotere zina zitsala. Amayi anatuluka pasanathe mphindi 20, jakisoni yemwe, osabwereza gawo ngakhale limodzi.

CD ya zithunzi anatipatsa tsiku lomwelo, lipoti mawa lake. Adokotala a opaleshoni atatsegula zithunzizo sanadandaule kanthu, anatilozera m'mphepete mwa chotupacho pa sikirini, choyera bwinobwino.

Ndapereka nyenyezi zitatu. Inu ochokera kuno kum'mawa, yezetsani creatinine musanakwere basi, ndipo CD musaisiye. Dandaulo langa la mtsikana uja ndinalisiya kwa manijala, mpaka lero sanandiimbire.