Khadi la kubanki, M-Pesa ndi e-Mola, kapena nambala ya munthu: tilipire ndi chiti pa intaneti?

Mlamu wanga amalima mbatata ya kachewere ku Tsangano. Chaka chatha ankafuna kampope kothirira kudimba, ndipo anakaona pa tsamba lina la pa intaneti pa mtengo wotsika kuposa wa m'masitolo a mu mzinda wa Tete. Ndinamufunsa ngati eni tsambalo akuwadziwa. Iye anati, "Alamu, adiresi yake ikuyamba ndi https, musade nkhawa." Pofika polipira, tsambalo linamupatsa nambala ya foni yoti atumizepo ndalama, iye n'kutumiza. Mpope sunafike mpaka lero, ndipo nambala ija inasiya kupezeka.

Zimandipweteka chifukwa sanachite mwachisawawa. Anatsatira zimene tonsefe tinauzidwa, zoti ukaona https kapena kachizindikiro ka loko pambali pa adiresi ya tsamba ndiye kuti zili bwino.

Ntchito ya https ndi yobisa zimene mukulemba pamene zili pa ulendo kuchoka pa foni yanu kupita kwa mwini tsamba. Zili ngati kutumiza ndalama pa chapa ya ku Ulongué m'bokosi lokhoma: woyendetsa sangatsegule, okwera nawo sangasuzumire. Izi n'zofunika zedi, makamaka mukalumikiza pa WiFi ya pamalo ogona alendo yomwe aliyense amalowapo. Tsamba loyamba ndi http yokha, lopanda s, musalembepo nambala ya khadi ngakhale pang'ono. Kuyambira mu Julaye 2018 Chrome, pulogalamu ya Google yotsegulira masamba a pa intaneti, imachenjeza za masamba otere, ndipo m'Chipwitikizi chenjezolo limati Não seguro. Koma bokosi lokhoma silinena kuti wokalilandira ndi ndani. Chiphaso chimene chimapatsa tsamba https masiku ano chimapezeka mwaulere, mwachitsanzo ku Let's Encrypt, ndipo wakuba amachitenga monga amachitengera wamalonda wachilungamo. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. N'chifukwa chake mu Seputembala 2023 a Google anachotsa chizindikiro cha loko pa Chrome, ataona kuti anthu ambiri ankachimva ngati umboni woti eni tsamba ndi odalirika.

Ndiye poyerekeza njira zolipirira, ine ndimafunsa ziwiri: zikavuta, ndingaluze zingati, nanga ndingakadandaule kwa ndani?

Khadi la kubanki, kaya la Millennium bim, BCI kapena Standard Bank, lokhala ndi chizindikiro cha Visa kapena Mastercard, ndilo limafika kutali. Kugula katundu wakunja kapena kulipira maphunziro a pa intaneti, nthawi zambiri njira ndi yomweyi. Ubwino wake waukulu ndi woti pali khomo logogoda. Katundu akapanda kubwera, kapena mukaona ndalama zachotsedwa musakudziwa, mutha kukalemba dandaulo kubanki, iwo n'kutsata malamulo a Visa kapena Mastercard pofuna kuti zibwezedwe. Zimatenga nthawi, ndipo si nthawi zonse pamene zimatheka, koma njira ilipo. Masamba ambiri amagwiritsanso ntchito 3-D Secure, pamene banki imakutumizirani nambala ya kamphindi pa foni kuti mutsimikize kuti wogula ndinudi.

Kuipa kwake n'kwakuti chilichonse chofunika chinalembedwa pakhadi pomwepo: manambala aatali a kutsogolo, tsiku lothera ntchito, ndi manambala atatu a kumbuyo aja otchedwa CVV. Mukazilemba pa tsamba labodza, mwapereka kiyi wa nkhokwe yonse, osati dengu limodzi la chimanga, pakuti masamba ena amalola kugula popanda kufunsa nambala ya pa foni ija. Kwa munthu amene malipiro ake onse a mwezi amalowa mu akaunti yomweyo, ichi si chinthu chaching'ono. Ine khadi la malipiro sindililemba pa intaneti. Ndili ndi lina lomwe ndimaikamo zokwanira chimene ndikugula tsiku limenelo basi. Kwa ife a kumudzi palinso vuto la mtunda: khadi likavuta, wa ku Furancungo kapena ku Chifunde angafunike kutaya tsiku ndi ndalama ya ulendo kuti akafike pomwe angathandizidwe.

Zikwama za pa foni ndizo zathu za tsiku ndi tsiku. M-Pesa ya Vodacom inayamba m'dziko muno la Mozambiki mu 2013 ndipo timalowa ndi *150#, e-Mola ya Movitel ndi *898#, mKesh ya Tmcel, yomwe ndi yakale kuposa zinzake, ndi *500#. Kuyambira 2022 zimatha kutumizirana ndalama. Pa nkhani ya chitetezo sindiona kusiyana kwenikweni pakati pa zitatuzi. Sankhani yomwe rede yake imagwira kwanu ndiponso yomwe ajenti ake ali pafupi. Pogula magetsi a Credelec kapena mamega, palibe chifukwa chodutsira pa tsamba lililonse. Manambala a nyenyezi aja sadalira intaneti, amagwira ngakhale pa foni ya mabatani, ndipo ndalama imapita molunjika kwa eni ake.

Masamba ena a m'dziko muno amalolanso kulipira ndi chikwama cha pa foni. Mumalemba nambala yanu pa tsamba, kenako foni imatulutsa uthenga wofunsa PIN. Njira iyi ndimaikonda kuposa khadi chifukwa PIN siidutsa m'manja mwa wogulitsa, ndipo zimachoka ndi zimene mwavomereza zokha. Ingowerengani bwino ndalama zimene zalembedwa musanadine. Tsamba likakuuzani kuti mulembe PIN pa tsamba pomwepo, tsekani. Uthenga wofunsa PIN ukabwera inu musakugula kanthu, kanani. Chofooka cha zikwamazi n'chakuti ndalama imathamanga kwambiri. Wolandira akangotapa kwa ajenti, kuibweza kumakhala kovuta, ngakhale mutaimbira kampani msanga.

Njira yachitatu ndiyo inagwetsa mlamu wanga, ndipo ambiri amaisokoneza ndi yachiwiri chifukwa zonse zimadutsa pa foni: kutumiza ndalama pa nambala ya munthu amene simunamuonepo. Apa palibe banki, palibe sitolo, palibe lisiti la katundu. N'chimodzimodzi ndi ma SMS aja amene amatifika tonsefe, onena kuti ndalama ija titumize pa nambala yakuti. Kwa m'bale wanu kapena wogula mbatata amene mwachita naye malonda zaka zambiri pamsika wa Zóbuè kapena Calómuè, njirayi ndi yabwino. Kwa wogulitsa wa pa intaneti, muuzeni kuti mudzalipira katundu akafika m'manja. Wachilungamo mumamvana naye, mwina kudzera mwa munthu wodziwika kwa nonse. Wakuba amayamba kukufulumizitsani kuti katundu watsala mmodzi.

Pa khadi ndi pa chikwama pomwe, chitetezo chonse chatsamira pa SIM yanu, chifukwa mauthenga otsimikizira amafikira pamenepo. Foni ikangotaya rede mosadziwika bwino pamene za anzanu apafupi zikugwira, musadikire mawa. Pali akuba amene amatulutsa SIM ina m'dzina lanu kuti azilandira manambala a kubanki. Bwerekani foni, imbirani kampani yanu ndi banki, atseke kaye.

Adiresi ya tsamba iwerengeni chilembo ndi chilembo, makamaka mbali yomwe ili kumapeto kwa dzina kasanabwere kamzere kopendekeka (/) koyamba kotsatira dzinalo. Masamba a boma amathera ndi gov.mz. Tsamba la banki lembani nokha adiresi yake, osadina ulalo wobwera pa WhatsApp kapena pa SMS. Mlamu wanga anadikira kukolola, n'kukagula mpope ku Ulongué, ndipo anaulipira ndi e-Mola ali m'sitolo, atauona ukulira.