Bwana wa pamudzi, bwana wakutali, kapena mudzi wopyola mliri: timange uti m'nthano zathu?

Anzanga amene timayendetsa masewera a nthano pathebulo (aja amene mmodzi amasimba nkhani, ena n'kumasewera ngati anthu a m'nkhaniyo), ndi inu amene mumalemba nkhani za maiko ongopeka a malupanga ndi matsenga, pali malo amodzi amene tonse sitiwalambalala: kamudzi ka alimi kokhala pansi pa bwana mmodzi, kamene Angerezi ankakatcha manor. Osewera akatuluka m'phanga la chinjoka amafuna pogona, pogula buledi, pofunsa njira. Ine ndayesapo kumanga kamudzi kotere m'njira zitatu, zonse potengera midzi ya ku England ya pakati pa 1200 ndi 1400, poti kumeneko ndi kumene zolemba za mabwalo a milandu ndi za chuma cha pamudzi zinasungika zambiri. Njira zitatuzi sizibereka nkhani zofanana, ndipo imodzi ndimaikonda kuposa zinzake.

Tiyambe ndi zimene sizisintha. Nthaka yonse ndi ya bwana. Chigawo china amachisunga kuti zokolola zake zikhale zake, chotsalacho amagawira alimi. Minda ya mudzi ndi zigawo zikuluzikulu ziwiri kapena zitatu zopanda mipanda, zodulidwa timizere titalititali, ndipo timizere ta banja limodzi tamwazikana uku ndi uku pakati pa ta anzawo. Kumene kuli zigawo zitatu, china amafesa tirigu chisanu chisanafike, china balere, nyemba ndi nsawawa chisanu chikatha, chachitatu chimagonera. Mlimi wopezako bwino ali ndi maekala pafupifupi 30, wapakati 15, ndipo pali ambiri amene ali ndi kanyumba ndi kadimba basi, amadya za ganyu. Ambiri mwa alimiwa ndi omangika: sangasamuke popanda chilolezo, ndipo lendi yawo yaikulu ndi thukuta, masiku awiri kapena atatu pa sabata m'munda wa bwana. Amene agogo awo anakhalapo pa maesiteti a ku Thyolo, Mulanje kapena Chiradzulu safunika kuwafotokozera zambiri apa. Ndikangonena kuti thangata, osewera anga amamva msanga kulemera kwake kuposa mmene ndikanawafotokozera kwa ola lathunthu. Chimanga, mbatata ndi tomato musaikemo ngati mukufuna fungo lenileni la nthawiyo, chifukwa zinafika ku Ulaya kuchokera ku America itadutsa 1492. Chakudya ndi buledi, mowa wa balere, ndi chiphala cha nyemba ndi masamba chimene chimakhala pamoto tsiku lonse.

Njira yoyamba, imene ambiri timayambira, ndi ya bwana wokhala pamudzi pomwepo. Ndi msilikali wa pakavalo, wopatsidwa malowo ndi bwana womuposa, ndipo mangawa ake ndi kupita kunkhondo masiku 40 pa chaka kapena kulipira ndalama m'malo mwake. Nyumba yake si linga lalikulu lija timaliona m'zithunzi. Ndi chipinda chimodzi chachikulu chokhala ndi moto pakati, utsi ukutulukira kudenga, kuseri kuli chipinda cha banja, panja nkhokwe, makola, dziwe la nsomba ndi khola la nkhunda zimene zimadya tirigu wa alimi koma mlimi sangazigende. Ubwino wa njira iyi ndi wakuti ulamuliro uli ndi nkhope. Osewera akafika amadziwa khomo logogoda. Bwana akhoza kuwatuma kukasaka chilombo cha m'nkhalango, akhoza kuwanamiza, akhoza kufuna kukwatitsa mwana wake kwa mmodzi wa iwo. Akapita kunkhondo, mkazi wake ndiye amagwira makiyi ndi maakaunti, ndipo mayi ameneyu nthawi zambiri amakhala munthu wokoma kusewera kuposa mwamuna wake. Kukonzekera kwake n'kochepa: anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, madzulo amodzi, mwatha.

Vuto lake ndaliona kangapo. Bwana akakhalapo, mudzi wonse umasanduka mthunzi wake. Osewera amalankhula ndi iye yekha, alimi amangokhala anthu oti awapulumutse kapena oti aloze njira. Ndipo mkangano uliwonse uli ndi mathero amodzi achidule: ngati bwanayo ndi woipa, lupanga litha nkhani usiku umodzi.

Njira yachiwiri ndi ya bwana wakutali. Mwini mudzi ndi nyumba ya amonke, bishopu kapena koleji, ndipo sanapondepo m'matope ake. Izi zinali zofala. Mudzi wa Elton unali wa amonke a ku Ramsey, ndipo Cuxham unali wa Merton College ya ku Oxford. Nthumwi ya mwiniyo imabwera kangapo pa chaka kudzakhala pabwalo la milandu. Masiku ena onse mudzi uli m'manja mwa kapitawo, amene ankamutcha reeve, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Kapitawoyu si mlendo. Ndi mlimi womangika ngati anzake, nthawi zambiri wosankhidwa ndi anzake omwewo, chaka chake chikuyamba pa 29 September, tsiku la Mikayeli Woyera. Iye ndiye amadzutsa mlamu wake kuti akalime kwa bwana pamene tirigu wa mlamuyo akuwonongeka ndi mvula. Mwina sadziwa kulemba, choncho ngongole amazisunga pa timitengo totemedwa mipata, kamtengo n'kukang'amba pakati, theka kwa iye, theka kwa mnzake. Chaka chikatha kumabwera owerengera chuma. Nkhosa ikafa aonetse chikopa chake. Zokolola zikachepa kuposa mmene iwo akuganizira, kusiyanako amamulipiritsa iye.

Ku Cuxham kunali kapitawo wotchedwa Robert Oldman amene anagwira udindowu kuyambira 1311 mpaka imfa yake mu 1349, ndipo nthawi ina anayenda mpaka ku London kukagula miyala ya chigayo. Tangoganizani ulendo umenewo uli m'masewera anu: mlimi wanyamula ndalama za koleji zimene iye sangazipeze pa zaka zambiri, akufuna omuperekeza, ndipo akudziwa kuti khobidi limodzi likasowa, ng'ombe zake zapita.

Pansi pa kapitawo pali ena amene njira yoyamba imawabisa. Pali mlonda wa minda, woyenda ndi lipenga la nyanga, amene amagwira ng'ombe zolowa m'tirigu n'kuzitsekera mpaka mwini atalipira. Pali olawa mowa, amene amaona ngati amayi ofulula sakusungunula ndi madzi kapena kuchepetsa muyezo. Pali antchito okhazikika a pamunda wa bwana, olima ndi pulawo, woyendetsa ngolo, mbusa, mayi wokama mkaka, olipidwa kwambiri ndi tirigu. Pali wosula, amene mudzi wonse umadalira kuti asongole mano a pulawo. Pali wansembe, wotolera chakhumi, amene nayenso amalima timizere take. Ndipo pali mwini chigayo, amene palibe amamukhulupirira, chifukwa aliyense akakamizidwa kugayitsa kwa iye ndipo iye amatapa gawo lake m'thumba lililonse.

Nkhani ya chigayoyi musaione yaing'ono. Ku St Albans amonke analimbana ndi anthu awo zaka zambiri chifukwa cha mphero za m'nyumba. Mu 1331 mkulu wa amonke analanda mpherozo n'kuziyala pansi m'chipinda cholandiriramo alendo, kuti anthu aziponda. Patapita zaka 50, pa kuukira kwa alimi kwa 1381, anthu analowa, anazula miyala ija, anaiphwanya n'kugawana zidutswa. Zaka 50 mudzi ukukumbukira mphero za agogo awo! Palibe chinjoka chimene ndinapekapo chimene chinagwira mtima osewera anga ngati mmene inawagwirira nkhani imene ndinaumba potengera iyi.

Ndikuonetseni mmene zimayendera pathebulo. Tsiku lina osewera anafika m'kamudzi kanga madzulo, akuyembekeza nyumba ya alendo. Kunalibe. Anaona ndodo yomangidwa masamba itasomekedwa pakhomo lina, chizindikiro chakuti mowa wapsa, ndipo mayi wamasiye wa pamenepo anawalola kugona pafupi ndi moto. M'mawa anapeza kapitawo ali pakhola, chingwe m'manja, akumasula ng'ombe yonona kuposa zonse. Mwamuna wa mayiyo anali atamwalira sabata yapitayo, ndipo mwambo unali wakuti chiweto chabwino koposa chipite kwa bwana, chotsatira chake kwa wansembe. Mmodzi wa osewera anasolola lupanga. Mayi uja anamugwira mkono n'kuti: "Bwezani chitsulocho, bambo. Uyu ndi mchimwene wanga. Mukamubaya, mawa mwapita, ife titsala ndi mlandu." Chipinda chinati zii. Osewera anazindikira kuti mlendo ndi mame, koma anthu awa ali womangana: amuna onse a zaka 12 kupita m'tsogolo ali m'magulu oyankhirana milandu, wina akalakwa gulu lonse lilipira, ndipo ngakhale mayiyo akhoza kulipitsidwa chindapusa chifukwa chosunga alendo osadziwika. Masewera atatu otsatira anathera pa kufuna njira yobwezera ng'ombe ija popanda kugwetsa kapitawo.

Apa ndiye pali kusiyana kwenikweni. Kwa bwana wa pamudzi, osewera amafunsa kuti mdani ndani. Kwa bwana wakutali, amafunsa kuti alipira ndani, ndipo yankho limakhala munthu amene adya naye buledi dzulo. Mtengo wake ndi ntchito. Muyenera kulemba mabanja osachepera khumi, ndani anakwatira kwa yani, ndani amabwereka ng'ombe kwa yani kuti zikwane pa pulawo, ndani ali ndi mangawa a chindapusa chokwatitsira mwana wamkazi. Komanso osewera okonda nkhondo sabata iliyonse akhoza kuboweka, ndipo zimenezo si mlandu wawo. Ngati gulu lanu ndi lotero, bwana wa pakavalo adzakutumikirani bwino.

Matsenga nawonso amakhala mosiyana m'midzi iwiriyi. Kwa bwana wa pamudzi, matsenga amachokera kunja: chilombo, temberero la pabanja, mfiti ya kunkhalango. Kwa bwana wakutali, matsenga ang'onoang'ono ndi amene amagwedeza mudzi. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo muyezo umodzi wa mbewu unkabweza miyezo itatu kapena inayi yokha, ndipo umodzi uyenera kusungidwa kuti udzafesedwe. Wamatsenga wachifundo akadalitsa munda wa bwana kuti ubereke kawiri, owerengera chuma adzafunsa kapitawo kuti zaka zonsezi tirigu wotereyu ankapita kuti, ndipo chaka chamawa adzafuna yemweyo. Gogo amene ali ndi kamwala kopera kokha usiku ndi wakuba pamaso pa mwini chigayo. Mzimu wa m'nkhalango ukafuna msonkho wake pa nkhumba zimene zimakadya zipatso za mitengo masamba akamayoyoka, alimi alipira kawiri, poti bwana naye amatenga wake. Ngakhale madalitso ali ndi wowalipira.

Njira yachitatu ndiyinena mwachidule, chifukwa ndimaiona ngati mutu wachiwiri wa nkhani, osati poyambira. Ndi mudzi umene mliri wadutsamo. Mliri wa 1348 ndi 1349 unapha pakati pa munthu mmodzi mwa atatu alionse ndi theka la anthu a ku England, ndipo unabwera mibadwo ikukumbukirabe njala ya 1315 mpaka 1317. Ku Cuxham komwe kuja alimi omangika 12 onse anafa. Otsala anaona kuti manja achepa, minda yachuluka. Waganyu anayamba kutchula mtengo wake, boma linakhazikitsa lamulo mu 1351 loti malipiro abwerere mwakale, ndipo anthu ankangosamukira kumene akulipira bwino. Mu 1381 alimi oukira ankafunafuna zikopa zolembedwa za mabwalo, zimene zinali umboni wakuti ndi omangika, n'kuziotcha. Malo ena mabwana anaona kuti nkhosa zimapindulitsa kuposa anthu. Ku Wharram Percy ku Yorkshire mabanja omaliza anachotsedwa cha m'ma 1500, ndipo lero kwatsala chigumula cha tchalitchi ndi timitumbira pamene panali nyumba.

Mudzi wotere umapatsa osewera mpata umene ina iwiri ija ilibe. Akhoza kupatsidwa malo, kukwatira, kukhala akapitawo iwo eni. Nyumba zopanda anthu ndi manda atsopano zimaitana mizukwa popanda kuikakamiza. Koma ndinayesapo kuyambira pomwepa ndipo sizinagwire: osewera ankadutsa nyumba zogumuka osamva kanthu, chifukwa sanawadziwe amene ankakhalamo.

Choncho ine ndimayamba ndi bwana wakutali. Ndimawasiya osewera akolole nawo, adye nyama ndi mowa zimene bwana amapereka pa masiku a chikumu cha kukolola, aone amayi osauka akukunkha ngala zotsala, akhale pabwalo la milandu kumvetsera za nkhuku yolowa m'dimba la mnansi. Msilikali wa pakavalo ndimamuika m'mudzi woyandikana nawo, tsidya la mtsinje, kuti akafuna nkhondo asayende mtunda. Gulu limene ndikuyendetsa panopa lakhala m'mudzi wa mayi wamasiye uja miyezi isanu ndi iwiri. Ng'ombe inabwerera, kapitawo akadali paudindo, ndipo mmodzi wa osewera walonjeza kulipira chindapusa kuti mwana wa mayiyo akwatiwe. Loweruka likubwerali woyendetsa ngolo abwera kuchokera kumsika wa kudoko, akutsokomola, ndi chotupa m'khwapa.