Lezala, sizasi, rula kapena zala: pothothola makhadi a osewera a m'magazini

Mwezi wathawu anzanga atatu andifunsa funso limodzimodzi: kodi makhadi a m'magazini ya Sports Illustrated for Kids aja umawathothola bwanji osang'ambika? Mmodzi anafunsa atawononga kale khadi la mwana wake. Ndiye ndati ndilembe kamodzi zomwe ndakumana nazo kuno ku America, chifukwa njira zonse zomwe anthu amatchula ndaziyesa, ndipo imodzi inandiliza.

Magazini ya zamasewerayi inayamba kutuluka mu Januwale 1989. Mkati mwake mumakhala pepala lolimbirapo la makhadi 9 a zithunzi za osewera, mizere itatu ya makhadi atatuatatu, olekanitsidwa ndi timabowo ngati masitampa a ku positi. Anapangira ana, ndipo ana ankangong'amba mothamanga n'kuika m'thumba la kabudula. N'chifukwa chake khadi lakale lopanda chilema ndi losowa. La Tiger Woods wa gofu la mu Disembala 1996 ndi la Serena Williams wa tenisi la 1999 anthu amawasakasaka mpaka lero. La Mia Hamm wa mpira wa miyendo la 1992, lomwe kampani yoyesa ubwino wa makhadi ya PSA inalipatsa giredi 10, yapamwamba kwambiri, linagulidwa madola 34,440 mu Juni 2021. Nkhani yonse ili pa m'mphepete mwa khadi.

Ndiyambe ndi mpeni chifukwa ndi womwe ndili nawo mangawa.

Ndinagula magazini ya 2003 momwe muli khadi la LeBron James adakali mnyamata wa ku sekondale ku Akron, asanalowe mu ligi ya basketball ya NBA. Ndinaisunga miyezi ingapo ndikuopa kuikhudza. Kenako m'shopu ina yogulitsa zipangizo za mu ofesi, wogulitsa ananditsimikizira kuti chodulira mapepala chokhala ndi lezala yoyenda pa njanji ndicho chingandithandize. Anati mzere wake umatuluka wowongoka ngati wa ku fakitale. Sananame pa kuwongokako. Khadi linatulukadi losalala mbali zonse, ndipo usiku umenewo ndinagona ndi mtima wokondwa.

Ndinalitumiza ku kampani ina yoyesa makhadi. Patapita milungu yambiri linabwerera lopanda giredi, ndi kalemba koti ladulidwa m'mphepete. Apa ndi pamene ndinamvetsa chinthu chomwe wogulitsa uja sankadziwa kapena sanafune kundiuza: pa makhadi amtunduwu, timano timene timatsala m'mphepete ukathothola si chilema ayi, ndi umboni woti khadi lili momwe linatulukira. Ukatidula, woyesa sangathe kusiyanitsa iwe ndi munthu wachinyengo amene wameta m'mphepete kuti abise pong'ambika. Lezala ikangopatuka pang'ono kuchoka pa timabowo, khadi limachepa, ndipo lochepa msinkhu limakanidwa. Ndalama yoyesera sinabwerere, yotumizira kupita ndi kubwera inalowa m'madzi, chodulira chija ndinali nditachigwiritsa kale ntchito moti shopu inakana kuchilandira. Koma chomwe chimandiwawa mpaka pano si ndalamazo. Khadi lija linakhala zaka zoposa 15 lili bwinobwino m'magazini, ine ndinaliwononga m'masekondi asanu. Palibe guluu kapena luso lomwe lingabwezeretse timano tija.

Ndiye lezala, mpeni wa zojambulajambula, chodulira cha pa njanji, zonsezi kwa ine ndi banja limodzi ndipo sizilowanso pa tebulo langa. Sizasi ndiye yoipitsitsa, chifukwa imadula timano komanso mzere wake suwongoka.

Ena amanena kuti unyowetse mzere wa timabowo ndi kathonje kuti pepala lifewe. Ndinayesa pa khadi lopanda ntchito. Linathothokadi mosavuta, koma litauma m'mphepete munatupa ndipo munatsala kamzere kothimbirira. Ayi.

Palinso anthu amene amalandira pepala lonse n'kukuthotholera pa mtengo. Ena ali ndi manja abwino, sindikana. Amene ndinamuyesa ine anatchula mtengo womveka, ine n'kumaganiza kuti ndi wa pepala lonse. Bilu itabwera ndinapeza kuti wawerengera khadi lililonse palokha, onse 9, chonsecho ndinkafuna limodzi. Pamwamba pake anaikapo ya inshuwalansi ndi ya timatumba ta pulasitiki. Ndipo m'mawu ang'onoang'ono a pansi munali poti khadi likang'ambika m'manja mwake, mlandu si wake. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Ngati mwasankha njira iyi, funsani zinthu ziwiri musanatumize: mtengowo ndi wa pepala kapena wa khadi, komanso likawonongeka alipira ndani.

Zatsala njira ziwiri zomwe zimapikisanadi: kupanikiza ndi rula n'kung'amba, kapena kupinda n'kulekanitsa ndi zala.

Ya rula imakopa chifukwa imafulumira. Umagoneka rula m'mbali mwa timabowo, kupanikiza khadi lomwe ukulifuna, n'kukokera mmwamba mbali inayo. Khadi lopanikizidwalo nthawi zambiri limatuluka bwino, koma loyandikana nalo limapindika kapena kusupuka. Ngati pa pepala pali khadi limodzi lokha lamtengo, mutha kulolera kuti enawo avulale. Vuto lina ndi lakuti rula yachitsulo imasiya kamzere kodinda pankhope pa khadi, kosaoneka mpaka utapendeketsa pa kuwala kwa nyale. Oyesa makhadi amayang'ana momwemo, ndi galasi lokuzira zinthu. Rula ikaterereka pang'ono pamene ukukoka, kung'ambikako kumalowa m'chithunzi. Ya pulasitiki ndi yofatsirapo, komabe ndinaisiya.

Njira yomwe ndakhazikika nayo ndi yakale ija ya osunga masitampa. Ndiyochedwa, pepala limodzi limanditengera pafupifupi theka la ola, koma chiyambireni sindinatayepo khadi.

Choyamba pepalalo lichoke m'magazini. Osalikoka. Ngati lagwidwa ndi timawaya tomangira magazini, ndimatsegula pakatikati, kuwongola timawayato ndi chikhadabo kapena kampeni kobuntha, n'kulitulutsa lonse. Ndimasamba m'manja, kupukuta mpaka kuuma, n'kugoneka pepala pa tebulo loyera lopanda nsalu.

Ndikatero ndimapinda mzere umodzi wautali, kuchokera mbali ina kufika mbali inzake. Ndimayamba kupindira mkati, zithunzi kuyang'anizana, chifukwa ndaona kuti ukayamba ndi kupindira kumbuyo utoto wa pankhope umakokeka n'kusweka, n'kusiya timadontho toyera m'mphepete. Kupinda koyamba kukhale kwapang'ono, osafinya ndi chikhadabo. Kenako kubwerera kumbuyo, kenako kutsogolo, mobwerezabwereza. Pakati pa bowo ndi bowo pamakhala kaulalo ka pepala, ndipo kupinda kulikonse kumathyola ulusi wake pang'onopang'ono. Pamafika pena pomwe mzerewo umalobodoka ngati chitseko cha mahinjesi otha. Musawerenge kuti mwapinda kangati, mverani m'zala. Mapepala amasiyana malinga ndi chaka: ena timabowo take ndi takuya moti amalekana okha, ena amalimba ndipo amafuna kudekha.

Polekanitsa, pepala likhale chogona pa tebulo. Dzanja limodzi lipanikize, linalo likokere cham'mbali, osati mmwamba, zala zili pafupi ndi pomwe pakulekana, kumasendera nazo pang'onopang'ono. Mukamva kulimba, imani, pindaninso. Anthu ambiri amawononga pomwepa, poganiza kuti kwatsala pang'ono ndingokoka.

Malo oopsa kwambiri ndi mphambano, pomwe makona a makhadi anayi amakumana. Pa pepala pali mphambano zinayi, ndipo zonse zazungulira khadi lapakati, lomwe lili ndi timabowo mbali zonse zinayi. N'chifukwa chake sindiyesa n'komwe kutulutsa khadi limodzi pepala lili lathunthu. Ndimayamba ndagawa mizere itatu italiitali, kenako mzere uliwonse ndimaugawa pawokha. Mukatero kona iliyonse imakumana ndi kung'amba kumodzi pa nthawi. Timano tikatsala tosafanana, tisiyeni. Osatidula, osatipala, osatisalaza ndi chala. Khadi lilowe m'kathumba kofewa ka pulasitiki, kenako mu toploader (kachikwama kolimba ka pulasitiki kosungiramo khadi), ndipo polowetsa tsegulani kukamwa kwa kathumbako kuti timano tisakodwe.

Pali mnzanga wina amene sathothola n'komwe. Amasunga magazini yonse, pepala lili momwemo, ndipo akunena zoona kuti alipo ogula amene amafuna zoterozo. Pepala lathunthu utha kulithothola chaka chamawa, lothothola sulibwezeretsa. Ineyo ndimakonda khadi loti ndiligwire palokha, koma pa magazini yakale yamtengo wapatali, ngati manja anu sanazolowere, ndili mbali yake. Gulani magazini ziwiri kapena zitatu zotchipa za osewera omwe simuwafuna, muphunzirirepo mpaka mizere 12 itatuluka motsatizana popanda kusupuka.

Magazini ina ya 2003 ndinaipezanso chaka chatha, pa mtengo woposa woyamba uja. Ili m'kabati, pepala lake likadali pa timawaya, ndipo ndikuganiza kuti ikhala choncho.