Nyama ya mbuzi kapena usipa: ndiwo ziti zokuyenerani?

Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa, nyama ya mbuzi ndi usipa zili m'gulu limodzi, la zochokera ku nyama. Zonse zimamanga thupi, koma m'thumba ndi kukhitchini zimasiyana.

Mtengo: mbuzi amagulitsa pa kilo, ndipo mafupa amakwera nawo pasikelo. Usipa mumagula kamulu kolingana ndi ndalama zanu.

Kusunga: nyama yopanda firiji mawa lake yayamba kununkha, pokhapokha mutaiwamba. Usipa wouma umatha masabata uli m'chitini.

Kuphika: mbuzi yokalamba imatha makala ndithu. Usipa mumangoutsuka ndi madzi ofunda kuchotsa mchenga, kuukazinga ndi tomato ndi anyezi, nsima isanapse n'komwe wapsa. Ena amadula mitu ati ikuwawa, koma ine ndimaona ngati n'kutaya ndiwo.

M'thupi: nyama imathandiza kuwonjezera magazi. Usipa timadya ndi minga yomwe, ndiye umalimbitsa mafupa, komanso wosinja umalowa bwino m'phala la mwana.

Banja lalikulu lodalira ganyu, usipa ndiwo wake. Mbuzi isungireni alendo, Khrisimasi kapena tsiku la malipiro.